Zimene tinakamba ndi amalonda pa maketi ya Twapia, Ndola

Zikomo posiya matebulo anu. Ndidziwa kuno mukamba Cibemba, koma Cinyanja mumamva, ndiye mundilole. Sindicedwa, tomato ingaonongeke pa dzuwa.

Lelo sindinabwele kunyoza boma. Ndabwela kukamba za ndeu ya m'nyumba mwathu, ife a PF, cifukwa ndeu imeneyi imadya mipando ya ku Nyumba ya Malamulo.

Mukumbuka MMD? Pa masankho a 2011 inatenga mipando 55. Pofika 2016 inali itang'ambika pawiri, ena kwa a Nevers Mumba, ena kwa a Felix Mutati. Inabwelako na mipando itatu cabe. Mu 2021, ngakhale umodzi. Cipani cimene cinalamula dziko lino zaka 20!

Ena muzati izo n'za MMD. Tiyeni pafupi apa, ku Luanshya. Mu 2017 tinacotsa a Chishimba Kambwili m'cipani. Mu April 2019 kunacitika masankho obweleza ku Roan, ndipo a Joseph Chishala a NDC anatigonjetsa. Boma linali lathu, Copperbelt tinali kuiyesa munda wathu, koma mpando unapita. Anthu a ku Roan sanasamuke, ni ife tinagawana.

Manje onani zimene zinaticitikila. Mu October 2023 a Miles Sampa anaitana msonkhano ku Mulungushi ku Lusaka, maina a atsogoleli kwa Registrar of Societies anasintha, nkhani inalowa m'makhoti. Mwina mumaona monga ni mapepala cabe. Iyayi. Kuti munthu aime pa dzina la cipani, a ECZ amafuna kalata yosainidwa na atsogoleli a cipanico. Ngati atsogoleli ali pawiri, asaina ndani? N'cifukwa cake ku Petauke Central mu February 2025 a Simon Banda, amene tinali kuwacilikiza, anaima pa tiketi ya New Congress Party. Anawina, inde, ndipo tinavina. Koma ganizilani agogo amene adziwa bwato cabe, afika m'kacipinda kovotela, bwato palibe. Tinacita kuyenda khomo na khomo kuwaphunzitsa cizindikilo ca eni ake, monga wogulitsa pa tebulo yobweleka.

Inu cikukhudzani bwanji? MP amakhala mu komiti ya CDF. Ndalama imeneyi mu 2022 inakwela kufika K25.7 miliyoni pa constituency imodzi, ndipo mwa iyo mumacoka ngongole za magulu a amalonda, zimbudzi, shelter ya pa maketi. Tikaimika anthu awiri, wina wa cipani, wina independent cifukwa anakwiya pa adoption, mavoti anu agawika, wacitatu adutsa pakati. Zaka zisanu muzadandaula kwa munthu amene simunamusankhe.

Ndiye pempho langa ni ili. Akabwela kuno na vitenge, aliyense wa ife, ngakhale ine, mufunseni: kodi ukaluza adoption, uzamukampenela mnzako? Ayankhe pamaso panu, mujambule pa foni. Ndipo mkangano wa ku Lusaka musaulowetse pa matebulo, uyu wa kapenta kuleka kupatsa cenji uyu wa makala cifukwa ca kampu. Atsogoleli aja akagwilizana amadyela pamodzi, inu mukali osakambitsana.

Acheyamani, amai aja kumbuyo akweza dzanja kalekale, apatseni maiki.