Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsekera Maphunziro a Kasamalidwe ka Makompyuta ku Mvera

Wapampando wa mwambo uno, mafumu athu a m'dera la Mfumu Yaikulu Chiwere, abusa ndi akulu a mpingo, alangizi a zamaphunziro, aphunzitsi aakulu, makomiti a makolo ndi aphunzitsi, alembi a m'maofesi ndi a kuchipatala amene munali pa maphunzirowa, ana athu a sukulu, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse. 

Ndathokoza kwambiri pondipatsa ulemu woti ndiime pamaso panu lero. Mvera ndi malo olemekezeka pa nkhani ya maphunziro m'dziko muno. Pa 28 Novembala 1889, abusa Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga msasa wawo pano atalandiridwa ndi Mfumu Chiwere, ndipo ntchito imene anayamba ndi imene inabala Sinodi ya Nkhoma. Anthu awiri okha sakanatha kufikitsa sukulu m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi. Sukulu zinafalikira chifukwa ana a m'midzi yathu yomweyi anaphunzira uphunzitsi nayisenza ntchitoyo ngati yawo. Mabuku ndi masileti zinkachokera kutali, koma osamala anali akonkuno. Makompyuta athu nawonso anachokera kutali, ndipo nthawi yakwana yoti osamala aoneke.

Nkhani yake ndi iyi. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imaiyendetsa, ndipo m'masukulu ndi m'maofesi athu ambiri pulogalamuyo ndi Windows 10. Kampani ya Microsoft inaitulutsa mu Julayi 2015, ndipo kwa zaka khumi, Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, inkatumiza pa intaneti zigamba zotseka mipata imene akuba angalowerepo. Pa 14 Okutobala 2025 inasiya kutumiza zigambazo mwa nthawi zonse. Tsiku lomwelo inasiyanso kusamala Office 2016 ndi Office 2019, mapulogalamu amene ambiri a ife timalembera makalata ndi kuwerengera malikisi. Si koyamba. Windows XP anasiyidwa mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020.

Pali amene anamva mphekesera yoti pa tsikulo makompyuta onse azima. Sanazime. Amayaka monga kale, amalemba, amasindikiza, ndipo pamenepo ndi pamene pagona ngozi, chifukwa chimene sichikuoneka sichidetsa nkhawa. Alimi muli pano mukudziwa kuti chimanga chosathira mankhwala chimaoneka bwinobwino mwezi woyamba. Mumadzazindikira potsegula thumba kuti anankafumbwe anamaliza kale ntchito yawo. Mwezi ndi mwezi akatswiri amatulukira mipata yatsopano mu Windows. Ya Windows 11, pulogalamu yatsopano imene inalowa m'malo mwa Windows 10, imatsekedwa, ya Windows 10 imatsala pululu. Ndipo popeza mapulogalamu awiriwa ndi apachibale, akuba akaona pamene paikidwa chigamba pa wamng'ono amadziwa pokagogoda kwa wamkulu.

Wina anganene kuti akuba a pa intaneti alibe nawo ntchito a ku Mvera. Vayirasi siyang'ana kuti uyu ndi wolemera kapena wosauka; imalowa paliponse pamene yapeza potsegula. Mu Meyi 2017, vayirasi yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150. Inkatseka mafayilo onse n'kulamula dipo. Ku England inalowa m'zipatala za boma, ndipo nthawi zoonana ndi dokotala pafupifupi 19,000 zinalephereka. Chigamba chotseka mpata umenewo chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, koma makompyuta ambiri anali asanachilandire. Kuno kwathunso, mu Febuluwale 2024, amene anali Pulezidenti panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makompyuta opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Anthu anadikira mapasipoti kwa milungu.

Koma njira imene vayirasi imafikira kuno nthawi zambiri ndi yaifupi. Aphunzitsi alemba mayeso a teremu, aika pa fulashi, apita nayo pa tauni kukasindikiza. Fulashiyo ilowa mu kompyuta imene tsiku lomwelo yalandira mafulashi a oika nyimbo ndi mafilimu. Pobwera nayo kusukulu, mafoda onse asanduka timivi tosatseguka. Mlembi aibaya mu kompyuta ya mu ofesi ya aphunzitsi aakulu kuti aone chavuta, ndipo kaundula wa ophunzira, malikisi a zaka zitatu ndi ndondomeko ya fizi zapita. Ambiri mukugwedeza mitu chifukwa munaziona.

Tsono tichite chiyani? Ndikupemphani zinthu ziwiri zimene musachite. Musataye kompyuta yamoyo chifukwa cha mantha, ndipo musakhale chete ngati palibe chachitika. Kompyuta iliyonse iweruzidwe payokha, malinga ndi mphamvu zake ndi ntchito imene imagwira. Njira zilipo zinayi.

Yoyamba ndi kukwera kupita pa Windows 11, amene anatuluka mu Okutobala 2021. Ngati Windows 10 wanu ndi wovomerezeka, kukwerako n'kwaulere. Koma kompyutayo iyenera kukhala ndi RAM yosachepera magigabayiti 4, malo osungira zinthu osachepera magigabayiti 64, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi pulosesa yatsopanoko. Makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 salowa pamenepa, ndipo ambiri amene tinalandira ngati mphatso ndi a msinkhu umenewo. Pulogalamu yaulere ya PC Health Check imakuuzani m'kamphindi ngati yanu ikukwanira. Alipo amisiri amene adzakuuzani kuti iwo amadziwa kukakamiza Windows 11 pa kompyuta yakale. Zimatheka ndithu, koma Microsoft inanena poyera kuti kompyuta yotere ilibe lonjezo loti idzapitiriza kulandira zigamba. Mudzalipira ndalama n'kubwerera pamene munali.

Yachiwiri ndi kugula nthawi. Microsoft inatsegula dongosolo la zigamba zoonjezera. Pomwe linkatsegulidwa, kwa munthu payekha mtengo unali madola 30, kapena kwaulere ngati walumikiza kompyuta yake ku akaunti ya Microsoft n'kusungako makonzedwe ake, ndipo Microsoft inalengeza kuti zigambazo zidzathera pa 13 Okutobala 2026. Makampani anapatsidwa mtengo wa madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, ndipo mtengo umawirikiza kawiri chaka chilichonse mpaka zaka zitatu. Masukulu olembetsedwa ku Microsoft anapatsidwa mtengo wotsika, dola imodzi chaka choyamba. Njira imeneyi ndi yoyenera kompyuta ya mu ofesi ya zachuma kapena ya kuchipatala imene ili ndi pulogalamu yoti singayende kwina. Koma ndi nthawi yobwereka. Amene wasankha njira iyi alembe lero tsiku limene adzachokemo.

Yachitatu ndi imene ndikufuna muiganizire mofatsa, chifukwa ndi imene ingapulumutse makompyuta athu ambiri: kuchotsa Windows n'kuika Linux. Iyi ndi pulogalamu yaulere, yololedwa kukopera ndi kugawana popanda kuphwanya lamulo. Mtundu wake wotchedwa Ubuntu unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Ubuntu 24.04 ndi Linux Mint 22 adzalandira zigamba mpaka 2029, ndipo Linux Mint amatha kuyenda pa kompyuta ya RAM ya magigabayiti 2, ngakhale amapepuka bwino pa 4. Mkati mwa Linux Mint muli LibreOffice, yolembera makalata ndi kuwerengera, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Munthu mmodzi akagula bandulo n'kukopera kamodzi, fulashi imodziyo ikhoza kuzungulira masukulu onse a zoni. Zovuta zake ziliponso. Mabatani ena ali pamalo ena, makina ena akale osindikizira amavuta kulumikiza, ndipo mphunzitsi amafunika masabata angapo kuti azolowere. Yesani kaye pa kompyuta imodzi. Linux amatha kuyaka kuchokera pa fulashi osafufuta kanthu, kotero mukhoza kuona ngati zonse zikuyenda musanatsimikize.

Yachinayi ndi kusiya Windows 10 momwemo koma kuidula kompyutayo ku intaneti. Aphunzitsi a Computer Studies adzandifunsa za ana okonzekera mayeso a MSCE, amene mabuku awo amaonetsa zithunzi za Word ndi Excel. Funso lawo ndi lomveka. Sungani makompyuta angapo a ntchito imeneyo, opanda intaneti, osalowetsamo fulashi yachilendo, osasungamo chilichonse cha ofesi. Koma kompyuta imene imatumiza maimelo, imalowa ku banki, kapena imasunga mayina a ana ndi a odwala, isakhale pa njira imeneyi. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo sukulu kapena chipatala chimene chasunga mayinawo chili ndi udindo wowateteza.

Musanachite chilichonse mwa zinayizi, koperani mafayilo anu onse pamalo awiri osiyana, ndipo mutsegule kope lililonse kuti mutsimikize kuti likuwerengeka. Mafayilo ambiri satayika chifukwa cha akuba. Amatayika tsiku limene mmisiri wafufuta hadi disiki poganiza kuti eni ake anakopera kale.

A komiti, nkhani iyi musaisiyire mphunzitsi mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Pamsonkhano wanu wotsatira, mutenge kope, mulembe kompyuta iliyonse: ili ndi Windows uti, imagwira ntchito yanji, ikupita njira iti, adzachita ndani, pofika liti. Mu bajeti ya chaka muikemo kangachepe ka bandulo, ka fulashi ndi ka mmisiri, monga muikira ka choko. Ndipo akabwera abwenzi ndi mphatso ya makompyuta, muwalandire ndi manja awiri, koma mufunse mwaulemu kuti makinawa ndi a chaka chiti, pulogalamu yake idzasamalidwa mpaka liti, ndipo adzaphunzitsa ndani kuwakonza. Safunsa anadya phula.

Mafumu athu, ndikupemphani mutithandize pa makompyuta amene aferatu. Asatenthedwe ndipo asatayidwe m'dzenje kapena kumtsinje. Masikirini akale aja a msana waukulu ali ndi mtovu, ndipo utsi wa mawaya ndi mabatire umawononga mapapo a ana. Asungidwe pouma, hadi disiki ichotsedwe, ndipo ziwalo zamoyo zithandize kuukitsa makompyuta ena.

Inu amene mwalandira masatifiketi lero, mwaphunzira kutsegula kompyuta, kupukuta fumbi, kukopera mafayilo ndi kuika pulogalamu yatsopano. Luso limeneli lisathere m'manja mwanu. Aliyense atenge ophunzira awiri, mtsikana ndi mnyamata, aziima pambali pake pogwira ntchitoyi, chifukwa mphunzitsi amasamutsidwa koma sukulu imatsala. Windows 11 nayenso adzasiyidwa tsiku lina, ndipo podzafika tsikulo ndikufuna Mvera adzakhale ndi ana ake odziwa chochita osadikira munthu wochokera ku Lilongwe.

Ndikuthokoza aphunzitsi amene atsogolera maphunzirowa, amayi amene atiphikira, ndi mafumu potisungira mtendere. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa. Muyende bwino pobwerera kwanu, ndipo Mulungu adalitse Mvera ndi dziko lathu la Malawi.