Kaboni, Madzi Oundana ndi Nyama Zoyamba

Lero tikambirana za kaboni, ndi mmene kuchuluka ndi kuchepa kwake mumlengalenga kunakonzera njira nyama zoyamba pa dziko lapansi.

Kodi kaboni n'chiyani? Tengani khala lozima m'dzanja lanu. Pafupifupi khala lonselo ndi kaboni. Kaboni ali m'mitengo, m'chimanga, m'chigoba cha nkhono, ndiponso m'matupi mwathu. Makala akamayaka, kaboni amasanduka mpweya wosaoneka ndi maso, umene tiutche mpweya wa kaboni. Mpweya umenewu uli ngati bulangeti la dziko, pakuti umasunga kutentha kwa dzuwa. Ukachuluka dziko limatentha, ukachepa dziko limazizira.

Kaboni sakhala malo amodzi. Mapiri ophulika moto amamutulutsa pansi pa nthaka. Mvula imamutsitsa, ndipo madzi ake amadya miyala pang'onopang'ono. Mitsinje monga Luangwa ndi Zambezi imanyamula zosungunukazo kupita nazo kunyanja yaikulu, kumene zimasanduka mwala wa laimu. Nazonso zomera zimamwa mpweya wa kaboni n'kutulutsa okosijeni, mpweya umene pafupifupi nyama iliyonse imafuna kuti ikhale ndi moyo.

Tsopano tibwerere m'mbuyo zaka 717 miliyoni. Nthawi imeneyo kunalibe mtengo, kunalibe nsomba, kunalibe mbalame. Zamoyo zinali ndere ndi tizilombo tating'onoting'ono ta m'nyanja. Miyala inamwa mpweya wa kaboni wambiri, bulangeti lija linapyapyala, ndipo dziko linazizira koopsa. Madzi oundana, olimba ngati matalala, anaphimba dziko mpaka kumadera amene nthawi zonse amakhala otentha. Kuzizira kumeneku kunatha zaka zoposa 50 miliyoni. Kenaka kunabweranso kachiwiri, n'kudzatha zaka 635 miliyoni zapitazo.

Nanga tidziwa bwanji zimenezi, popeza panalibe munthu woona? Umboni uli m'miyala, ndipo wina uli m'dziko lathu lomwe lino la Zambia. Pansi pa nthaka ya ku Copperbelt ndi ya chigawo cha kumpoto chakumadzulo pali mwala wotchedwa Grand Conglomerat. Mwala umenewu ndi matope akale osakanizika ndi miyala yaikulu ndi yaing'ono, imene madzi oundana anakoka n'kuitaya pamene ankasungunuka. Pamwamba pake pagona mwala wa laimu wotchedwa Kakontwe.

Kodi chinasungunula madziwo n'chiyani? Mapiri ophulika moto sanaleke kutulutsa mpweya wa kaboni, koma mvula youtsitsa inali yochepa, ndipo miyala youmwa inali itaphimbika. Pang'onopang'ono ndi mtolo: mpweyawo unaunjikana mpaka dziko linatentha, madzi oundana n'kusungunuka. Pamenepo mvula inayambanso ntchito yake, ndipo kaboni uja anatsikira m'nyanja n'kukhala mwala wa laimu. N'chifukwa chake laimu wagona pamwamba pa miyala ya nthawi yozizira.

Akatswiri ambiri amafotokoza zotsatira zake motere. Mitsinje inathira m'nyanja fumbi la miyala yoperedwa ndi madzi oundana, ndipo fumbilo linadyetsa ndere monga manyowa adyetsera mbewu. Ndere zinachuluka. Zina zitafa zinakwiririka m'matope pamodzi ndi kaboni wake, okosijeni n'kutsala m'madzi ndi mumlengalenga. Okosijeni atachuluka, zamoyo zazikulu zinatha kukula. Zaka pafupifupi 575 miliyoni zapitazo, m'nyanja munaoneka zamoyo zofewa, zopanda mafupa, zina zooneka ngati masamba. Ku Namibia, dziko loyandikana nalo, kunapezeka kanyama kotchedwa Cloudina, kamene Gerard Germs anakafotokoza m'chaka cha 1972. Kanyamaka kanakhalako zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo, ndipo ndi kamodzi mwa nyama zoyamba kudzimangira chigoba. Chigobacho chinali cha laimu, ndiye kuti munali kaboni yemwe uja.

Kaboni amene anatsegulira nyama njira anadzazionongansoko. Kumtunda kwa chigwa chathu cha Luangwa akatswiri amafukula mafupa osanduka miyala a nyama za mlomo wonga wa kamba, zambiri za izo zokhala ndi minyanga iwiri. Zaka 252 miliyoni zapitazo, mapiri a ku Siberia, kumpoto kwa Asia, analavula moto ndi mpweya wa kaboni wochuluka. Dziko linatentha mofulumira, ndipo mitundu yambiri ya nyama za m'madzi ndi za pamtunda inatheratu.

Ana inu, nkhaniyi ikutikhudza ife lero. Mafakitale asanayambe, pa magawo 1 miliyoni a mpweya, magawo 280 anali mpweya wa kaboni. Lero apitirira 420. Wambiri ukuchokera ku malasha ndi mafuta otenthedwa m'maiko a mafakitale, koma mtengo uliwonse wodulidwa n'kuotchedwa makala, ndi tchire lililonse lopsa ndi moto wolusa, zimaonjezerapo. Mtengo umene mubzala pasukulu umamwa mpweyawo n'kuusunga m'thunthu mwake.

Aphunzitsi, phunziro likatha chitani izi ndi ana: ikani chigoba cha dzira m'kapu, muthiremo madzi a mandimu kapena vinega. Ana aone timathovu timene tituluke. Timathovuto ndi mpweya wa kaboni umene unabisala m'chigobamo. Kenaka afunseni mafunso awa. Dziko limatani mpweya wa kaboni ukachepa? Chinasungunula madzi oundana n'chiyani? Nyama zazikulu zinadikira mpweya uti kuti zikule?