Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Khansa ya M'mawere

 

Okutobala akafika timavala zapinki, timayenda ndawala m'tauni, nkhani n'kutuluka m'nyuzipepala. Zabwino ndithu. Koma mayi amene khansa ya m'mawere imamutenga msanga pa ndawalapo sakhalapo. Amakhala ali pa ganyu kapena pamsika ndi dengu la tomato, ndipo chikwangwani cha Chingerezi chimene takhoma kuchipatala sichimuuza kanthu.

Bungwe la WHO likuti mu 2022 amayi 2.3 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi khansayi, ndipo 670,000 anamwalira. Kuno kwathu ambiri amafika kuchipatala cha Kamuzu Central kapena cha Queens nthenda itakula kale, bere litachita chilonda. Tisathamangire kunena kuti ndi umbuli. Nthawi zambiri kachotupa ka khansa sikapweteka poyamba. Ndiye ndani angatenge ndalama ya ufa n'kukwerera kabaza chifukwa cha kanthu kosapweteka? Wina amaopa kuti akamuchotsa bere banja litha. Wina anauzidwa kuti amulodza, n'kuyambira kwa sing'anga, miyezi n'kumapita.

Mantha otere satha ndi chimkuzamawu. Amatha mayi akamva kwa mayi mnzake amene anayezetsa, nalandira chithandizo, lero akulima munda wake. Amayi oterewa tiwapatse mpata alankhule kusikelo, kubanki mkhonde, ku Mvano, ku Chigwirizano, ku Dorika ndi kumzikiti, m'chilankhulo cha pamudzi.

Uthengawo ukhale wachindunji. Kuyeza koyamba sikufuna makina: namwino amapima ndi manja, mphindi zochepa chabe, ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere. Zotupa zambiri za m'bere si khansa, koma wodziwa ndi wachipatala. Mukamva chotupa m'bere kapena m'khwapa, mukaona nsonga ya bere italowa mkati kapena ikutuluka magazi, khungu litakhwinyata ngati la lalanje, musadikire ululu.

Inu achipatala, ndikupempheni ziwiri. Mayi akabwera kudzayezetsa khomo la chiberekero, muoneninso mawere tsiku lomwelo, pakuti ndalama yobwereranso alibe. Ndipo wofika mochedwa musamukalipire kuti, "Munali kuti nthawi yonseyi?" Akakafotokoza zimenezo pachitsime, mudzi wonse subweranso. Mukamutumiza kuchipatala chachikulu, muuzeni tsiku, khomo lokafikira, ndi zimene akamuchite.

Abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Mkazi akakuuzani kuti wamva kachotupa, pezani ndalama yoyendera, mumuperekeze, ndipo ngati kuchotsa bere ndiko kumupulumutse, musamusiye.

Mafumu, izi zikamveke pamisonkhano ya m'midzi, osati mu Okutobala mokha. Amayi, anamwino abwera lero lomwe. Musabwerere kunyumba musanayezetse.