Nsima Ikayamba Kukakamira Pakhosi

(Mau amene mlangizi wa sukulu za kwacha adayankhula kwa ophunzira m'boma la Chiradzulu)

 Lero tiyambe taika masamu pambali. Ndili ndi nkhani ya matenda.

Pa kalasi ina imene ndimayendera padali abambo ena olimbikira sukulu kwambiri. Tsiku lina tikudya pamodzi ndidaona kuti mbamu iliyonse akuitsitsa ndi madzi. Nditaŵafunsa adaseka, nati, "Aphunzitsi, ndi ukalamba uwu." Patapita miyezi itatu adasiya nsima nayamba phala. Kenaka phala lomwe lidakana. Abale adati aŵalodza. Adayenda kwa asing'anga aŵiri, mbuzi zonse nkutha. Pofika kuchipatala ndi kuti madzi omwe akubwerera. Adali ndi khansa ya kum'mero. Tidaŵaika m'manda chaka chomwecho.

M'mero ndi njira imene chakudya chimadzera pochoka m'kamwa kupita m'chifu. Khansa ndi chotupa chimene chimamera m'kati mwa njirayo. Chimakula pang'onopang'ono mpaka kuitseka, monga mmene zinyalala zimatsekera ngalande.

Matenda sakhala chimodzimodzi zaka zonse. Ena amachepa, ena amachuluka. Inu akuluakulu mudaona ndi maso anu. M'zaka za m'ma 1990 anthu ambiri adali ndi maŵanga akuda pakhungu, miyendo yotupa. Imeneyo idali khansa yotchedwa Kaposi, imene imakonda kudza ndi Edzi. Mu 2001 a bungwe la MSF adayamba kupereka ma ARV kuno ku Chiradzulu. Mu 2004 boma lidayamba kuŵapereka ulere m'dziko lonse. Khansa ija idayamba kuchepa.

Kumaiko akutali nako zidasintha. Cha m'ma 1930, ku America khansa ya m'chifu idali pakati pa khansa zopha anthu ambiri zedi. Lero idatsika kwambiri. Sadabaye jekeseni ayi. Anthu adapeza mafiriji, nasiya kusunga nyama ndi nsomba mumchere wambiri. Adayamba kumwa madzi aukhondo, ndipo kachilombo kena kokhala m'chifu, kamene madokotala a ku Australia adakatulukira mu 1982, kadachepa. Koma kuyambira cha m'ma 1970, ku America komweko ndi ku Britain kudakwera mtundu wina wa khansa ya kum'mero. Imeneyo imadza ndi kunenepa kwambiri ndiponso chilungulira cha nthaŵi yaitali.

Kwathu kuno nkhani ndi ina. Khansa ya m'chifu si yochuluka. Ya kum'mero ndiyo yatikakamira. Ataŵerenga odwala khansa m'Malaŵi muno kuyambira 2007 mpaka 2010, adapeza kuti mwa amuna 100 aliwonse odwala khansa, 17 idali ya kum'mero. Mwa amayi 100 adali 8. Poŵerenga maiko onse mu 2020, Malaŵi adali pakati pa maiko amene nthendayi yachuluka koposa. Ndipo yathuyi ndi mtundu wina, si ya kunenepa. Tayang'anani m'kalasi muno. Wonenepa ndani?

Nanga chimaibweretsa nchiyani? Fodya ndi moŵa, makamaka kachasu, izi nzodziŵika. Wochita zonse ziŵiri ali pangozi yaikulu. Koma alipo amayi ambiri odwala nthendayi amene sadalaŵepo kachasu kapena kugwira ndudu. Ndiye madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pamodzi ndi anzao a ku Tanzania, adafunsa odwala za kadyedwe kao. Mu 2022 adalengeza kuti anthu okonda tiyi ndi phala zamoto kwambiri ndiwo amadwala kaŵirikaŵiri. Chakumwa chamoto chimaotcha m'mero tsiku ndi tsiku, pamene paphya lero nkuphyanso maŵa. Pamenepa ine ndemwe ndidagwidwa, pakuti tiyi wozizira ndinkamuyesa mwano. Masiku ano ndimayamba ndasesa pakhomo, tiyi ali poteropo. Phala la ana nalo lizipola.

Palinso zina zimene akuzikayikira: utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, chimanga chochita chuku, ndi mano osatsuka. Kuboola zenera ndi kutaya chimanga choola sizifuna ndalama zambiri.

Tsono mvetsani apa. Nsima kapena nyama ikayamba kuima pachifuwa, mukamameza ndi madzi, thupi likamatsika popanda chifukwa, musadikire kuti phala likane. Pitani ku Namitambo, ku Namadzi, ku Nguludi, kapena kuchipatala chachikulu cha pa boma. Akaona kuti nkofunika, adzakutumizani ku Queen Elizabeth. Kumeneko amaloŵetsa kachingwe kokhala ndi kamera kuti aone m'kati mwa m'mero. Nthaŵi zina amapeza kuti si khansa, koma zilonda kapena matenda ena ochizika ndi mankhwala. Ikakhala khansa, sindikunamizani, ndi nthenda yovuta, ndipo ambiri sachira chifukwa amafika njira itatsekeka kale. Komabe madokotala amatha kuika kapaipi m'mero kuti munthu azimeza, ndipo alipo mankhwala oletsa ululu. Nthendayi si yopatsirana. Wodwala musampatulire mbale.

Abambo aja adokotala ataŵafunsa kuti zidayamba liti, adangoti, "Kalekale." Inu tsopano mukudziŵa kulemba. Inu kapena wa pabanja panu akayamba kuvutika kumeza, lembani tsiku limenelo pa pepala, muliike m'buku la kuchipatala. Lembaninso chimene chakana, nsima, mbatata kapena phala. Pepala limenelo mukapereke m'manja mwa adokotala.

Tsegulani makope anu tiyesere. Pamwamba lembani tsiku la lero, mwezi ndi chaka. Pansi pake lembani kuti: "Nsima ikuvuta kumeza." Amene mwatha kwezani dzanja ndidzaone.