Kodi Tidzaunikira Chiyani?

M'chaka cha 2015 malemu Papa Francis adatilembera kalata yotchedwa Laudato Si', m'mene adapempha maiko kuti asiye pang'onopang'ono malasha ndi mafuta okumba pansi, pakuti utsi wake ukutenthetsa dziko lonse lapansi. Ena mwa ife tidati: "Imeneyo ndi nkhani ya Azungu, ife magetsi athu amachokera mu Shire." Koma mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la ku Kapichira, ndipo magetsi adakhala akuthimathima miyezi yambiri, zigayo zili zii. Apo tidaona kuti mtsinje wokha sungatisunge.

Dzuwa lomwe lija timalidandaula mu Okutobala layamba kale kutitumikira: ku Salima, kuyambira 2021, makina olanda mphamvu yake angathe kutulutsa mamegawati 60.

Nanga nyukiliya? Ku Kayelekera, m'boma la Karonga, adayamba kukumba yureniyamu mu 2009. Mwala umenewu umapita kunja kukapanga magetsi opanda utsi, ngakhale zinyalala zake zimakhala zoopsa zaka zikwizikwi. Nthaka yathu ikuwalitsa mizinda yakutali, pamene amai a kufupi ndi mgodiwo akali kutsokomola ndi utsi wa nkhuni m'khitchini.