MLIMI ASANAGULE MAKINA OWOTCHERERA ZITSULO

(Awa ndi mawu amene anakonzedwa kuti awerengedwe pa misonkhano ya makalabu a alimi a fodya m'boma la Kasungu.)



Msika wa fodya ukatsegulidwa, mabelo nayamba kugulidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, ndalama zilowa m'thumba la mlimi kamodzi kokha, ndipo sizibweranso kufikira chaka chamawa. Ndi pa nyengo imeneyi pamene alimi ena a kwa Chulu, kwa Santhe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya ayamba kusuzumira m'masitolo a pa Kasungu ndi a ku Lilongwe kufuna makina owotcherera zitsulo. Ambiri a iwo safuna kutsegula shopu ayi. Afuna chabe kumakonza okha ngolo ikathyoka, kulumikiza chogwirira cha pulawo, kuziga wilibala, kapena kupanga mpando ndi felemu la windo m'chilimwe pamene ntchito ya kumunda yachepa. Maganizo amenewa ndi abwino ndithu. Mlimi amene ngolo yake inathyoka mwezi wa February, fodya ali kupsa m'munda, adziwa yekha kuwawa kwake koikoka mtunda wautali kunka nayo kwa mmisiri.

Funso limene alimi otere afunsa kawirikawiri ndi lakuti, "Kodi dzina labwino ndi liti, lotsika mtengo koma lolimba?" Funso limeneli si loipa, koma lifulumira. Dzina lolembedwa pa bokosi ndilo la kumapeto. Choyamba mlimi ayenera kudziwa magetsi amene ali nawo ndi zitsulo zimene afuna kuwotcherera, chifukwa makina abwino kwa mmisiri wa pa Kasungu boma angathe kukhala katundu wongosunga kuseri kwa chitseko kwa munthu wa kumudzi.

MAGETSI

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, pafupifupi 11 zokha ndizo zinali kuunikira magetsi, ndipo zambiri za izo zinali za m'tauni. Chotero mlimi amene mawaya a ESCOM sanafike pakhomo pake aganize kawiri. Kasola kounikira m'nyumba ndi kutchajira foni sikangayendetse makina owotcherera, ngakhale aang'ono chotani. Kajenereta koonera kanema nakonso sikakwana. Kadzangolira, moto wa rodi nuzima, ndipo kawirikawiri chimodzi cha ziwirizo chipsa. Makina aang'ono afuna jenereta ya 5 kVA kapena kuposa, ndipo mtengo wa jenereta yotere upambana wa makina omwewo. Kwa alimi otere nzeru yabwino ndi kusonkherana pa kalabu, kugula makina amodzi, ndi kuwasunga kwa membala amene ali pafupi ndi malo a malonda pamene pali magetsi.

Amene ali ndi magetsi a m'nyumba adziwe kuti mphamvu yake ndi ma volt 230, ndipo pulagi ya mano atatu imene igwiritsidwa ntchito muno ili ndi fyuzi ya ma amp 13. Kuchulukitsa manambala awiriwo kupereka ma watt pafupifupi 3,000. Imeneyi ndiyo mphamvu yonse imene soketi imodzi ya m'nyumba ingathe kupereka popanda kutentha. Nambala imeneyi mlimi aisunge m'mutu, pakuti idzamuthandiza m'sitolo.

MITUNDU IWIRI

Makina owotcherera ndi rodi ali a mitundu iwiri. Mtundu wakale ndi thiransifoma, ndiye kuti waya wochuluka wokulungidwa pa chitsulo. Ngolemera kwambiri, kotero kuti ena afuna anthu awiri kuwanyamula, ndipo adya magetsi ambiri. Akayamba kuwotcherera, mababu a m'nyumba zoyandikana aphethira, ndipo si anansi onse amene apirira zimenezi. Ubwino wake ndi wakuti alibe tizipangizo tosachedwa kufa, saopa fumbi, ndipo akapsa mmisiri wa mawaya angathe kuwakulunganso. Ena a mtundu umenewu apangidwa ndi amisiri a konkuno, ndipo agwira ntchito zaka zambiri. Koma ambiri akhala opanda chivundikiro, mawaya ali poyera pa thabwa. Pa shopu ya mmisiri wodziwa ntchito yake zimenezo ndi zake, koma pakhomo pamene pasewera ana ndi kuyenda nkhuku, makina otere sayenera.

Mtundu watsopano utchedwa inverter. Ngopepuka, makilogalamu 4 kapena 6, ndipo munthu awanyamula pa njinga. Adya magetsi ochepa pa ntchito imodzimodziyo, ndipo rodi igwira moto msanga osamatirira pa chitsulo, chimene chithandiza kwambiri munthu wongoyamba kumene. Kuipa kwake kuli m'kati. Muli kabolodi konga ka wailesi, ndipo kamene kaopa zinthu zitatu: chinyezi, fumbi la chitsulo lochoka ku gilayinda limene fani ilikokera m'katimo, ndi magetsi obwera mwamphamvu atazima. Kabolodiko kakapsa, si mmisiri aliyense angathe kukakonza. Ngakhale zili choncho, kwa mlimi wofuna kukonza zake pakhomo ndi soketi ya m'nyumba, inverter ndiyo yomuyenera, malinga aisamale ndi kuizula ku khoma magetsi akangozima.

MANAMBALA A PA BOKOSI

Pano ndi pamene ndalama za fodya zitayika kwambiri. M'masitolo ndi m'misika muli timakina tating'ono, tina topanda ndi dzina lodziwika lomwe, tolembedwa ndi zilembo zazikulu kuti 300 kapena 400, ndipo wogula aganiza kuti nambala ikakula makinanso ngamphamvu. Tsono masamu ake ndi awa. Kuti makina atulutse ma amp 400 pa rodi afuna ma watt oposa 14,000. Soketi ya m'nyumba, monga kwanenedwa kale, ipereka 3,000. Makina okhala ndi kapulagi ka m'nyumba ndi waya woonda sangathe kutulutsa ma amp 400, ngakhale bokosi linene chotani. Nambala yotereyo ndi dzina chabe la makinawo.

Ndiponso mlimi safuna mphamvu yochuluka chotero. Rodi wamba yowotcherera chitsulo chofewa ilembedwa E6013. Ya mamilimita 2.5 ifuna ma amp a pakati pa 60 ndi 90, ndipo ndiyo yogwirira mafelemu, mipando ndi wilibala. Ya mamilimita 3.2 ifuna a pakati pa 90 ndi 130, ndipo ikwana pa zitsulo za ngolo ndi za pulawo. Ntchito za pakhomo zithera pa marodi awiriwa. Chotero makina otulutsa ma amp 140 kapena 160 enieni ngokwanira, ndipo kulipira zambiri chifukwa cha nambala yaikulu ndi kutaya ndalama.

Zoona zake za makina zilembedwa pa kachikwangwani kakang'ono kamene kakhala kumbuyo kapena pansi pake. Wogula atembenuze makinawo nawerenge. Pali mzere wa chilembo X, wolembedwa 35% kapena 60% kapena 100%, ndipo pansi pa nambala iliyonse pali ma amp ake. Tanthauzo lake ndi ili: pa mphindi 10 zilizonse, makina angathe kuwotcherera mphindi zingati asanatenthe. Pakalembedwa 60% pa ma amp 100, ndiye kuti awotcherera mphindi 6 napuma mphindi 4. Kwa munthu wa shopu amene apanga mageti tsiku lonse, kupuma kumeneko ndi kuluza. Kwa mlimi si kanthu, pakuti iye ataya nthawi yambiri poyeza, podula ndi pogogoda zotsalira. Makina opereka 60% pa ma amp 100 amukwanira, ngakhale m'kutentha kwa October. Makina opanda kachikwangwani kameneka awasiye m'sitolo momwemo.

Ayang'anenso zingwe ziwiri, cha chogwirira rodi ndi cha chopanira pa chitsulo. Zingwe zabwino ndi za kopa, ndipo zilemera m'manja. Makina ena otsika mtengo abwera ndi zingwe zazifupi za aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Kukanda pang'ono kumapeto kwa waya kuonetsa: akayera m'kati si kopa. Zingwe zotere zitentha ndi kuthyokera polumikizira, ndipo mtengo wogula zina uwerengedwe pamodzi ndi wa makina.

TSONO MAYINA

Mayina akale pa ntchito imeneyi alipo. Lincoln Electric inayamba ku America m'chaka cha 1895. ESAB inayamba ku Sweden m'chaka cha 1904, ndipo mwini wake, Oscar Kjellberg, ndiye anatulukira nzeru yokuta rodi ndi mankhwala, aja asanduka chikhungwa chimene mmisiri agogoda akatha kuwotcherera. Makina a mayina amenewa ngabwino, koma mtengo wake ngwa makampani ndi ma esiteti, osati wa munthu wowotcherera Loweruka lokha.

Amene mlimi adzawapeza pa mtengo wofikirika ndi onga Ingco ndi Total, opangidwa ku China, ndi ena onga Ryobi, Matweld ndi Tradeweld amene abale obwerera ku Joni abwera nawo. Pakati pa mayina a mtengo wofanana kusiyana sikukhala kwakukulu monga ogulitsa anenera, ndipo dzina limodzi lomwelo likhala ndi makina olimba ndi ena ofooka. Chosiyanitsa chenicheni ndi ichi: makinawo akafa, adzapita kwa yani? Mlimi asanapereke ndalama ayambe wapita kwa amisiri owotcherera a pa Kasungu kapena pa Santhe, nawafunsa makina amene iwo agwiritsa ntchito, amene awafera, ndi kumene akonzetsa. Afunsenso wokonza mawailesi ndi ma TV ngati zipangizo za dzina limenelo zipezeka. Mayankho a anthu awiri amenewa aposa zonse zolembedwa pa bokosi.

M'sitolo apemphe kuti makina ayesedwe pamaso pake ndi rodi ya 3.2, ithe yonse moto osadukiza. Atenge lisiti lolembedwa nambala ya makinawo ndi miyezi imene sitolo ilonjeza kuwakonza kapena kuwasintha. Lonjezo la pakamwa silibweza ndalama. Za mitengo, kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44% mu November 2023 katundu wochoka kunja sakhala pa mtengo umodzi nthawi yaitali, choncho mtengo umene mnzake anagulira chaka chatha usamunamize. Afunse m'masitolo atatu.

Makina ochoka ku Joni abwera ndi pulagi ya mano obulungira imene silowa m'soketi za kuno. Ena adula pulagiyo nalowetsa mawaya ndi timitengo ta machesi. Umenewo ndi moto woitana dala. Aitane wa magetsi wovomerezeka ndi MERA amuikire soketi yakeyake ya makinawo, ndipo chingwe chowonjezera chikhale chachifupi ndi chonenepa, chosakulungidwa.

NDALAMA ISATHERE PA MAKINA

Pa ndalama imene mlimi wapatula, gawo lina lisiyidwe la chipewa chotchinga nkhope, magolovesi achikopa, gilayinda, hamala yogogodera ndi paketi ya marodi. Pa zonsezi chipewa ndicho choyamba, ndipo galasi lake likhale la nambala 10 kapena 11. Magalasi a dzuwa sateteza. Munthu wowotcherera nawo sazindikira kanthu masana, koma pakati pa usiku adzuka maso ali kutuluka misozi ngati mwalowa mchenga, ndipo khungu la kumaso lipsa. Ana okonda kuonerera athamangitsidwe kutali, pakuti kuwala kumeneko kuwapweteka ngakhale ali chapatali.

Marodi asungidwe pouma. M'dzinja akakoka chinyezi athetheka, ndipo msoko wake ukhala ndi timabowo. Chitini chotsekeka bwino choikidwa m'mwamba chikwana.

Alimi a fodya ali ndi ngozi yawoyawo. Chigafa cha udzu chodzaza fodya wouma sichichedwa kuyaka, ndipo nthethe za moto wa rodi ndi za gilayinda ziuluka mamita angapo, zina nizinyeka mobisika m'zinyalala kufikira munthu atachoka. Jeke ikafuna kukonzedwa itulutsidwe kunja, pa dothi losesedwa, kutali ndi chigafa, mabelo ndi nkhokwe, ndowa ya mchenga ili pafupi. Asawotcherere pa nthaka yonyowa kapena ali ndi nsapato zonyowa. Chitsulo chopakidwa zinki, chonga malata ndi mapaipi a madzi, chitulutsa utsi woyera umene udwalitsa, ndipo chiwotchereredwe panja pokha, mphepo ili kuchotsa utsiwo kumaso.

Pali ntchito zina zimene wongoyamba asazikhudze. Mgolo kapena thanki imene munali petulo, dizilo kapena mankhwala iphulika ngakhale ioneke youma. Ekiselo ya ngolo ndi chokokera chake zinyamula miyoyo ya anthu ndi ya ng'ombe, ndipo zipite kwa mmisiri wophunzira. Chitsulo cha kasiti, chonga cha mapampu ndi mitu ya injini, chifuna marodi ena a nikelo ndi kutenthetsa kwapadera, ndipo rodi ya E6013 ingochisweka. Mapaipi a m'mabalani a fodya wochiza ndi moto nawonso ngopyapyala, ndipo aboola msanga m'manja mwa munthu wosazolowera.

Amene afuna kuphunzira bwino afunse ku ofesi ya TEVETA za maphunziro aafupi, kapena apemphe mmisiri wa pafupi kuti azikhala naye masana angapo. Paketi yoyamba ya marodi ithere pa zidutswa zotayidwa. Alumikize zidutswa ziwiri, azisiye zizizire, azipane, ndi kuzimenya ndi hamala yaikulu. Zikathyokera pa msoko, awonjeze ma amp pang'ono, apale dzimbiri bwino, nayesenso. Tsiku limene chitsulo chidzapindika msoko uli chigwirire, atenge wilibala ija.