Ukwati wa Mapepala



Nkhani imene tibwera nayo lero ichitikira kutali, koma misozi yake ikugwera m'midzi mwathu muno. Mnyamata apita ku Joni kukafuna ntchito, akwatira mkazi wa komweko, ndipo patapita zaka banja lisweka. Mkazi akuti: "Sanafune ine ayi, anafuna mapepala." Mwamuna akuti: "Ndinamkonda ndithu, koma tinalephera kumvana." Makolo kuno asowa tulo, pakuti sadziwa ngati mwana wao akhalabe kumeneko kapena apirikitsidwa.

Tiyambe ndi lamulo la dzikolo. Ku South Africa, lamulo loona za alendo la chaka cha 2002 lilola mlendo wokwatirana ndi nzika kukhala m'dzikomo chifukwa cha banjalo. Akatha zaka 5 pa ukwati, angathe kupempha chilolezo chokhazikika. Koma chilolezocho chimafa ngati banja litha zisanakwane zaka 2 chiperekedwere, pokhapokha ngati yawalekanitsa ndi imfa. Tsono mapepala a mlendoyo atsamira pa ukwati monga denga litsamira pa mzati. Akuluakulu a Home Affairs safunsa ngati banja linali lokoma. Afunsa ngati linali loona. Chifundo chiliponso: m'chaka cha 2023 bwalo la Constitutional Court linagamula kuti mlendo amene akulera mwana wake, mwanayo ali nzika ya dzikolo, asakakamizidwe kusiya ntchito ndi kutuluka chifukwa chakuti banja latha, koma apemphe chilolezo china ali komweko.

Nanga Eklezia atiphunzitsa zotani? Malamulo ake a chaka cha 1983 anena kuti chimene chimanga ukwati ndi kuvomera kwa awiriwo. Ngati wina anena "inde" pakamwa, mumtima atakana kale ukwatiwo, kapena kukhulupirika, kapena kukhalirana mpaka imfa, ndiye kuti palibe ukwati, ngakhale kwaya inayimba ndipo mbuzi zinaphedwa. Chimodzimodzi wopusitsa mnzake dala pa chinthu chachikulu kuti amlole. Tikumbuka Labani, amene anagwiritsa Yakobo ntchito zaka 7 chifukwa cha Rakele, namlowetsera Leya mumdima. Nyumba imeneyo inadzala nsanje zaka zambiri.

Koma pano tichenjere, abale. Kufuna pokhala si bodza. Rute anali mlendo wa ku Mowabu, wamasiye, wotola khunkha m'munda mwa eni; apongozi ake Naomi anamfunira pokhala pabwino, ndipo ukwati wake ndi Bowazi unampatsa malo m'Betelehemu. Ukwatiwo unatsimikizidwa poyera, pamaso pa akulu a mudzi, ndipo Rute anakhaladi mkazi wa Bowazi. Munthu angathe kulandira mapepala chifukwa cha ukwati, ukwatiwo n'kukhala woona. Nchifukwa chake Eklezia ayesa ukwati uliwonse kuti ndi woona mpaka umboni utaonetsa kuti suli tero, ndipo wogamula si apongozi, si mphakati, koma bwalo la dayosizi. Chisudzulo cha kukhoti ya boma pachokha sichimasula Mkhristu kuti akwatirenso.

Inu amene mwasiyidwa ndipo mtima ukuwawa, ngati munapusitsidwadi, nenani zoona kwa oyenera, simulakwa. Koma kukanenera mnzanu zabodza ku boma kuti athamangitsidwe, pamene mudziwa kuti munakhalira limodzi mokhulupirika, ndi umboni wonama umene lamulo lachisanu ndi chitatu liletsa.

Ifenso makolo tisadziyeretse. Tilipo ena amene timalandira ndalama mwezi ndi mwezi, tikudziwa kuti mwana wathu anasiya mkazi wodalitsa naye ukwati kuno ndipo walembetsa wina uko, koma tingoti: "Ndi za mapepala chabe." Mkazi wa uko ali ndi amake ngati ife, ndipo wa kuno akusamala ana yekha.

Inu akatekisiti, wina akabwera kudzapempha kalata ya ubatizo kapena yotsimikiza kuti mwana wao ali mfulu kukwatira kunja, musafulumire. Pitani naye kwa bambo mfumu, atsekule buku la ubatizo, ndipo ankhoswe a mbali zonse afunsidwe kalatayo isanalembedwe.